Sefa ya Mawu: Kuchokera pa Mkangala Kufika pa Moog

Pali kamvekedwe kena kamene tonse timakazindikira msanga, ngakhale ife amene tinabadwa FM itafala kale. Woimba wa masiku ano akafuna kutikumbutsa zakale amayamba nyimbo yake ndi mawu oonda, opanda besi, ngati akuchokera m'chitini. Pakapita masekondi angapo ng'oma imagwa, nyimbo n'kudzaza. Timati zikumveka ngati wailesi ya agogo. Chimene chimapanga kamvekedwe kameneko ndi kachipangizo kotchedwa bandpass filter, kamene pano ndizikatchula kuti sefa ya mawu. Mbiri yake imadutsa ku New York, ku Cairo, ku Lusaka ndi ku Kingston, komanso pakamwa pa mayi woimba mkangala kumwera kwa dziko lino.

Ambiri a ife timaganiza kuti nyimbo za magetsi zinabwera ndi laputopu. Mbiri ikusonyeza kuti zinabadwira m'nyumba zoulutsira mawu ndi pa matebulo a okonza mawailesi. Anthu a ntchito imeneyo tili nawo pa Nsungwi pompano, koma akuchepa chaka ndi chaka, ndipo palibe amene akuwafunsa kanthu.

Mmene imasefera

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kunjenjemerako timakuwerenga kuti kukuchitika kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi hertz, mwachidule Hz. Khutu la mwana limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Waya wonenepa wa gitala ya besi umanjenjemera ka 41 pa sekondi. Kulira kwa likhweru kuli m'masauzande. Komanso liwu lililonse, la munthu kaya la ng'oma, silikhala ndi nambala imodzi: pamakhala kunjenjemera kwa pansi, pamwamba pake n'kusanjikizana kwina kambirimbiri, ndipo kusakanikirana kwake ndi kumene kumachititsa kuti muzindikire mawu a mayi anu pakati pa phokoso la mu msika.

Aliyense wa ku Area 25 anaonapo amisiri akusefa mchenga pa ploti. Sefa ya maso aakulu imatsekereza miyala, mchenga n'kudutsa. Mutatenga mchenga womwewo n'kuupungula pa sefa ya maso aang'ono, fumbi ligwa, mutsala ndi wapakatikati. Sefa ya mawu imachita chimodzimodzi. Imene imadutsitsa mawu a pansi okha amati low-pass. Imene imadutsitsa a pamwamba okha amati high-pass. Mukaziphatikiza ziwirizi, besi yatsekerezedwa, a pamwamba achotsedwa, chadutsa ndi chapakati chokha. Imeneyo ndiye bandpass.

Inayambira pa lamya

Amene anayamba kupanga sefa zimenezi ndi magetsi sankaganiza za nyimbo. Vuto lawo linali mtengo wa waya. Kampani ya lamya ya AT&T ku America inkafuna kuti anthu angapo azilankhula nthawi imodzi pa waya mmodzi osasokonezana. Injiniya wawo George Campbell anapeza njira yolumikizira makoyilo ndi makapasita kuti kukambirana kulikonse kuyende mu kanjira kake, ndipo analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1917. Ku Germany, Karl Willy Wagner anatulukira zofananazo payekha mu 1915.

Kuti tinjira tichuluke, kanjira kalikonse kanayenera kukhala kopapatiza. Akatswiri a lamya anadzakhazikika pa 300 Hz mpaka 3,400 Hz, kuti mpata umenewu ndi wokwanira kumva zimene mnzako akunena. Wokwanira, koma mongokwanira. Mphamvu yambiri ya "s" ili pamwamba pa malire amenewo, n'chifukwa chake pa foni wamba "kusula" ndi "kufula" zimatha kumveka zofanana, ndipo potchula dzina lachilendo mumabwereza mpaka kutopa.

M'zaka za m'ma 1930, Homer Dudley wa ku Bell Labs anapita patsogolo. Anagawa mawu a munthu ndi sefa 10 zoyandikana, iliyonse n'kumayeza mphamvu ya m'kanjira kake, kenaka mbali inayo n'kuwamanganso pogwiritsa ntchito miyeso imeneyo. Makinawo anawatcha vocoder. Mchimwene wake wa makinawa, Voder, anaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939, amayi ophunzitsidwa bwino akuwalankhulitsa ndi zala ngati akuimba limba. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse luso lomweli linathandiza kubisa zokambirana za pa lamya pakati pa London ndi Washington. Mawu a loboti amene gulu la Kraftwerk linatchuka nawo m'ma 1970 anachokera kumeneko.

Pakamwa ndi m'zikho

Chimene Dudley ankatsanzira ndi kamwa lanu. Kholingo limatulutsa kunjenjemera kosasefa, ndipo mkamwa ndi momwe mumasefedwa. Nenani a, e, i, o, u pa liwu limodzi osakweza kapena kutsitsa. Kholingo likuchita zomwezomwezo, chikusintha ndi lilime ndi milomo. Pa "a" mkamwa mumakweza mawu a cha m'ma 700 Hz. Pa "i" mumakweza a cha m'ma 300 Hz ndi ena opitirira 2,000 Hz. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza izi m'buku lake la mu 1863, atayesa ndi timipira tobowoka ta galasi ndi ta mkuwa timene kalikonse kankayankha liwu limodzi lokha. Yesani kuuzira pakamwa pa botolo la Fanta, muthiremo madzi pang'ono, muuzirenso. Liwu lakwera. Mpweya wa m'botolomo ndi sefa, ndipo kukula kwake ndi kumene kumasankha liwu.

Tsopano taonani mkangala. Ndi kauta ka bango ka chingwe chimodzi, kamene kanabwera ndi Angoni m'zaka za m'ma 1800. Azulu amati umqangala. Amaimba kwambiri ndi amayi ndi atsikana, nthawi zambiri ali okhaokha. Mbali imodzi ya bangolo imakhala pa milomo, dzanja n'kumakhwatcha chingwe. Chingwe chimodzi sichingapereke manoti ambiri, koma nyimbo imamveka. Imachokera kuti? Woimbayo amakuza ndi kuchepetsa mpata wa mkamwa, n'kumasankha limodzi mwa mawu osanjikizana aja, kenaka lina, kenaka lina. Injiniya angakuuzeni kuti imeneyo ndi bandpass filter yosunthika, yoyendetsedwa ndi lilime.

Ku Chigwa cha Shire kuli valimba, amene ena amati ulimba. Pansi pa kathabwa kalikonse pamapachikidwa chikho chake, chachikulu kwa liwu lalikulu, chaching'ono kwa liwu laling'ono, ndipo mmisiri amadula kukamwa kwa chikhocho pang'onopang'ono mpaka chigwirizane ndi thabwa lake. Mzere wa zikho umenewo ndi mzere wa sefa, iliyonse yochunidwa pa liwu lake. Muukumbukire, tikumana nawonso ku America.

Sefuliya ya ku Lusaka

Sefa ya magetsi inalowa m'nyumba za makolo athu kudzera pa wailesi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Vuto linali loti anthuwo analibe mawailesi. Mkulu woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anasakasaka kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo mpaka Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 inatuluka Saucepan Special: wailesi ya batire, yopakidwa buluu, ya short wave, yogulitsidwa mapaundi 5, thupi lake lozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira. Ukaipa dziwa nyimbo. M'sefuliya mmenemo ndi mmene anthu ambiri anamvera koyamba mawu a Alick Nkhata akuimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba.

Wailesi yotere imasefa kawiri. Choyamba, nyumba iliyonse youlutsira pa AM imapatsidwa kanjira kopapatiza, moti nthawi zambiri mawu opitirira pafupifupi 4,500 Hz safika kwa womvera. Chachiwiri, sipika yaing'ono ilibe mphamvu yokankha mpweya wokwanira besi. Kumwamba kwadulidwa, pansi padulidwa. MBC itayamba mu 1964, ndipo kampani ya Nzeru itayamba kulumikiza mawailesi ku Blantyre, makutu a Amalawi anapitiriza kumvera nyimbo kudzera pa kawindo komweko kwa zaka zambiri.

Ganizirani amene ankapindula ndi kawindo kameneka. Banjo ya Allan Namoko ili pakatikati penipeni, imadutsa yonse. Chitoliro cha kwela cha Donald Kachamba, amene Gerhard Kubik anamupeza akuimba ndi mkulu wake Daniel ku Blantyre mu 1967, chimadutsa bwinobwino. Mawu a munthu amadutsa. Amene ankatsala pakhomo ndi babatoni ndi ng'oma yaikulu. Ndiye tikamati nyimbo zakale zinali zopanda besi, tikunamizira oimba. Pabwalo besi inalipo, fumbi linkachita kudzuka. Inkatsalira m'njira, pakati pa maikolofoni ndi khutu.

Musaseke agogo. Sipika ya foni imene muli nayo m'manjayo imalephera mawu ambiri a pansi pa ma hertz mazana angapo. Log drum ya amapiano imene imagwedeza minibasi ya ku Kanengo, pa foni imangomveka kugogoda kwake kokha. Nafenso tili ndi sefuliya yathu.

Ana a wailesi

Chimene kwa omvera chinali chilema, anthu ena anachisandutsa chida. Mu 1944 ku Cairo, mnyamata wina wa sukulu, Halim El-Dabh, anabwereka makina ojambulira mawu pa waya ku Middle East Radio n'kukajambula mwambo wa zaar, mwambo wa amayi wochiritsa ogwidwa ndi mizimu, wofananako ndi vimbuza. Atabwerera ku situdiyo anachotsa mawu a pansi a oimbawo n'kusiya osanjikizana a pamwamba, mpaka anthu kumveka ngati mizimu imene ankaiitanayo. Izi zinachitika zaka 4 Pierre Schaeffer asanatulutse ntchito zake zotchuka pa wailesi ya ku Paris mu 1948. Chimodzi mwa zoyamba pa nyimbo za magetsi chinapangidwa mu Africa, kuchokera ku mwambo wa mizimu.

Kwina konse nkhani ndi yomweyo. Situdiyo ya nyimbo za magetsi ya ku Cologne inatsegulidwa mu 1951 m'nyumba ya wailesi, ndipo Karlheinz Stockhausen ankagwiritsa ntchito zipangizo zimene mainjiniya ankayezera nazo makina. BBC inatsegula Radiophonic Workshop mu 1958, kumene Delia Derbyshire anasoka nyimbo yotsegulira Doctor Who mu 1963 podula matepi ndi kuwamata.

Robert Moog atayamba kupanga ma synthesizer ake m'ma 1960 anasonkhanitsa zonsezi m'bokosi limodzi. Sefa yake yotchuka kwambiri ndi low-pass, imene ili mu Minimoog ya mu 1970. Koma m'makina ake aakulu munalinso gawo lotchedwa 914, mzere wa ma bandpass 12, iliyonse yochunidwa pa liwu lake losasuntha, iliyonse ndi kotembenuzira kake. Ntchito yake inali kupatsa liwu louma la magetsi thupi, kuti limveke ngati likuchokera m'bokosi la thabwa kapena m'chifuwa. Ndi zikho za valimba zija, zopangidwa ndi makoyilo. Makina a mtundu umenewu sanathere ku Ulaya ndi ku America: ku Enugu, William Onyeabor anadzaza situdiyo yake ndi ma synthesizer, ndipo Francis Bebey wa ku Cameroon anawasakaniza ndi zoimbira za kwawo.

Wawa

Mkangala nawo unapeza mnzake wa magetsi. Cha m'ma 1966 injiniya Brad Plunkett wa ku Thomas Organ Company ku California, akukonzanso ampulifaya ya Vox, anapeza kuti sefa yopapatiza ikamasunthidwa gitala imamveka ngati ikulankhula. Anaiika m'chopondera. Ukaponda ndi chidendene sefa ili cha m'ma 400 Hz, gitala imati "u". Ukaponda ndi zala ikwera cha m'ma 2,000 Hz, gitala imayasamula kuti "a". Azungu anaitcha wah-wah potsanzira kulira kwake. Kwa ife dzinalo linali ndi ntchito kale: wawa ndi moni waulemu, ndipo kuwawa ndi kumene gitalayo imachita mu mtima.

Oyandikana nafe anaigwira msanga. Mu Zambia ya m'ma 1970, magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anamanga kamvekedwe kawo pa fuzz ndi wah-wah, ndipo Ngozi ankaimba zambiri m'Chinyanja cha mu Lusaka. Mukafuna kumva chilankhulo chathu chili pambali pa sefa ya magetsi ya nthawi imeneyo, yambirani kumeneko.

Ndipo pali King Tubby. Dzina lake lenileni linali Osbourne Ruddock, wa ku Waterhouse mu Kingston, ndipo ntchito yake inali kukonza mawailesi ndi kukulunga matiransifoma. Mu 1972 anagula mikisa yakale ya MCI ku situdiyo ya Dynamic Sounds. Pa mikisayo panali chotembenuzira chachikulu cha high-pass, theka la sefa yathu ija. Ena ankachigwiritsa ntchito pochotsa phokoso losafunika. Iye anayamba kuchiimba, kumachitembenuza nyimbo ili mkati, ng'oma n'kuonda mpaka kutsala kamluzu, kenaka n'kugwanso yonse. Dub inakulira pamenepo, ndipo kachitidwe kaja ka DJ kobisa besi kuti anthu akuwe ikabwerera kali ndi magazi ake. Ife amene tinakula ndi reggae ya Evison Matafale ndi Black Missionaries ndife adzukulu a wokonza mawailesi.

Amisiri a kwathu

Kuno makiyibodi anadzafala m'ma 1990, nthawi ya kamvekedwe ka ku Balaka, ndipo ambiri anali kale a digito, mawu ake ophikiratu ku fakitale. Nyengo ya ma synthesizer otembenuza ndi manja inatidutsa. Luso la sefa lokha silinatidutse, linangokhala kwina. Wailesi iliyonse ndi mulu wa ma bandpass filter. Mukamatembenuza kufuna Radio 1 kapena Zodiak mukusuntha sefa kuti idutsitse nyumba imodzi, zina zonse zitsale. Mkati mwa wailesi yakale muli tizitini ting'onoting'ono tokhala ndi kasikuluwu kachikasu, koyera kapena kakuda pamwamba. Timeneto ndi sefa, zambiri zochunidwa pa 455 kHz. Bambo amene amatembenuza tizitini timeneti khutu lili pa sipika mpaka mawu ayere akuchita ntchito ya Campbell, ngakhale sanamvepo dzinalo.

Tikudziwa zimene manja oterewa angathe. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, asanamange makina ake a mphepo mu 2002, anaphunzira magetsi pomasula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi. Gabriel Kondesi wa ku Mulanje anamanga nyumba yake youlutsira mawu, Pachikweza, ndi zotsalira za zipangizo zakale. Mu 2009 anamangidwa chifukwa choulutsa wopanda chiphaso, ndipo anthu akufuna kwabwino anamuthandiza kulipira chindapusa. Madalitso Band ya mu Lilongwe momwe muno yazungulira maiko ndi babatoni yopanga okha. Chimene sichinachitike kwambiri ndi kukumana kwa magulu awiriwa, wokonza wailesi ndi woimba, patebulo limodzi, monga zinachitikira m'thupi la munthu mmodzi ku Waterhouse.

Nthawi yake ikuchepa. Pa matebulo ambiri a m'misika yathu ntchito yatsala ndi yosintha magalasi ndi mabatire a mafoni. Foni siifuna kuchunidwa, gawo likafa umangochotsa n'kuika lina. Amene amadziwa kuwerenga mikanda ya pa rezisita ndi kumva ndi khutu kuti kapasita yauma ndi akuluakulu, ndipo mawailesi akufawo akupita ku dzala ndi zonse zili mkati.

Pangani yanu

Sefa ya lamya ija mukhoza kuipanga ndi tizipangizo 4 tochokera mu wailesi yakufa. Mufunika makapasita 2 olembedwa 473, kutanthauza 47 nF. Mufunika rezisita ya 1k, ya mikanda ya bulauni, yakuda ndi yofiira, ndi ina ya 10k, ya bulauni, yakuda ndi ya olenji. Tengani chingwe cha mahedifoni akufa, mugwiritse ntchito waya wa khutu limodzi ndi waya wa ground.

Mawu ochokera ku foni adutse mu rezisita ya 1k. Pamene atulukira, lumikizani kapasita yoyamba kupita ku ground: imeneyo ikumeza mawu a pamwamba. Kuchokera pa mfundo yomweyo, mawu adutse mu kapasita yachiwiri, ndipo kutsogolo kwake lumikizani rezisita ya 10k kupita ku ground: pamenepo besi yatsekerezedwa. Mfundo yomalizayi ndi ground zipite ku ampulifaya. Masamu ake ndi amodzi mbali zonse: 1 kugawa ndi 6.28 kuchulukitsa R kuchulukitsa C. Pa 1k ndi 47 nF mupeza pafupifupi 3,400 Hz. Pa 10k ndi 47 nF mupeza pafupifupi 340 Hz. Mwamanga kawindo ka lamya.

Sefa imeneyi ndi yofatsa, imadula motsetsereka, ndipo mawu atuluka otsikirapo. Mukafuna yakuthwa ngati ya wah-wah pamafunika koyilo kapena ka IC monga 4558, kamene kamapezeka m'mawailesi a kaseti ndi m'maampulifaya ambiri akale. Koma yambani ndi ichi: chotsani rezisita ya 10k muikepo chotembenuzira voliyumu cha wailesi yomweyo. Mukamachitembenuza besi izithawa ndi kubwerera. Chimenecho ndi chotembenuzira cha King Tubby, chaching'ono. Chenjezo limodzi: masulani mawailesi a mabatire okha. TV yakale ya chimsana ndi makapasita aakulu a m'zipangizo za pa magetsi a m'nyumba amasunga moto ngakhale mutazimitsa, ndipo amapha. Ngati simunagwirepo chowotcherera, pitani nazo kwa wokonza wailesi, mumulipire, mukhale pambali pake muzionerera. Funso limodzi limabala nkhani ya ola lathunthu.

Pomaliza, kumbukirani kuti sefa imangochotsa, siibweza. Nyimbo imene inajambulidwa yonse mukhoza kuisefa mmene mungafunire, lero mwa lamya, mawa mwa dub. Imene inasungidwa yosefa kale yapita, monga gaga wouluzika ndi mphepo sabwerera m'lichero. Ngati kwanu kuli agogo amene amadziwabe mkangala, kapena mmisiri wa valimba, musawajambule pa voice note ya WhatsApp, imene imafinya mawu kuti isadye bandulo. Bwerekani maikolofoni yabwino, jambulani pamalo a phee, sungani fayilo yosafinya m'malo awiri, ndipo mulembe dzina la woimbayo, mudzi wake ndi tsiku.